Musanakweze vani yanu, gwadani muone difu

Mwezi watha alamu anga anandiyimbila foni m'mamawa, ndisanasambe n'kumaso komwe. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti kwagwa zovuta kumudzi. Koma ayi. Anati, "Alamu, bwelani kuno ku galaji, nifuna muone vamene vabwela na basi kucoka ku Lusaka."

Nditafika ndinapeza Hilux yawo itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa bonet panali katoni yotsegula. M'katonimo munali timapulasitiki takuda tozungulila, cimodzi kukula ngati kacitini ka nsomba, mabauti aatali khumi ndi angapo, ndi tizitsulo tiwili topindika. Basi. Alamu anali kumwetulila ngati munthu amene wagulitsa fodya pa mtengo wabwino. "Iyi ni body lift, mainchi atatu. Caka cino matope sazaniona."

Sindinawaseke, cifukwa ndidziwa cimene cinawafikitsa pamenepo. Nchito yawo ndi kugula soya, nshawa ndi mpendadzuwa m'midzi ya ku Chipangali ndi ku Vubwi, ndipo nthawi ya dzinja amapelekela alimi feteleza. Mu Januwale anatitimila pa dambo ndi matumba a feteleza kumbuyo, anagona m'galimoto ndi udzudzu, ndipo kutaca analipila ng'ombe zinayi kuti ziwakoke. Munthu amene wagonapo pa dambo sufunika kumuuza kuti miseu yathu ndi yoipa.

Koma ndinawauza cimene ndifuna kukuuzani inunso lelo. Ambili a ife amene tikweza mabodi a magalimoto muno mu Chipata tigula cinthu cimene sicithetsa vuto limene tili nalo. Ndipo ena, cifukwa ca mmene acimangila, agula vuto latsopano limene likhoza kupha munthu.

Tiyambe ndi cimene cinthuci cili. Vani ngati Hilux, Isuzu, Ford Ranger, Nissan Hardbody kapena Land Cruiser ili ndi zigawo ziwili. Pansi pali chassis, zitsulo ziwili zazitali zolumikizidwa ngati makwelelo, ndipo pa izo ndi pamene pamangidwa injini, giyabokosi, masipuling'i ndi ma axle. Pamwamba pali bodi, kutanthauza kabini mokhala anthu ndi kumbuyo koika katundu. Bodi imakhala pa chassis pa malo owelengeka, pa timalabala, yomangidwa ndi mabauti. Body lift ndi kumasula mabauti amenewo, kunyamula bodi ndi jeke, kulowetsa timabuloko pakati, n'kumanganso ndi mabauti aatali. Bodi imakwela inchi imodzi, awili kapena atatu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25, ndiye atatu ndi pafupifupi masentimita 7 ndi theka.

Apa pali kale phunzilo loyamba. Ngati galimoto yanu ilibe chassis yapayokha, nkhaniyi si yanu. RAV4, X-Trail, Harrier, Vitz, ngakhale Pajero zimene zinayamba kupangidwa ca m'ma 2000, bodi ndi chassis ndi cinthu cimodzi coocheleledwa pamodzi. Palibe pomasula. Wina akakuuzani kuti ali ndi body lift ya X-Trail, ndiye kuti akamba za cinthu cina cokweza masipuling'i, kapena afuna cabe ndalama zanu.

Manje funso lalikulu ndi ili: pa dambo paja, n'ciani cinagwila pansi? Ndinapempha alamu kuti tigwade tonse awili kumbuyo kwa vani. Anadandaula za thalauzi, koma anagwada. Pakati pa matayala akumbuyo pali cija cozungulila ngati dzungu, difu. Ndico cinthu cotsika kwambili pa vani yonse. Mukalowa m'mseu umene mathilakita ndi ngolo zakumba mikwasa iwili yozama, matayala amalowa m'mikwasa, difu n'kukhala pa mtumbila wapakati. Matayala amangozungulila m'mwamba. Ndiko kutitimila kumene ambili a ife timakudziwa.

Ndiye mukakweza bodi ndi mainchi atatu, difu imakwela zingati? Siikwela olo pang'ono. Chassis siikwela, giyabokosi siikwela, thanki ya mafuta siikwela. Dalaivala yekha ndiye amakwela, n'kumaona matope ali patali pamene mimba ya galimoto ili pomwe inali dzulo. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Vani imaoneka yaukali ikaima pa Down Shops, koma pa dambo ndi yomwe ija.

Cinthu cimodzi cokha ndico cimakweza difu: tayala lalikulu. Ngakhale kukweza masipuling'i kumakweza chassis ndi bodi, koma difu yakumbuyo imatsala pomwepo cifukwa ili pa axle imene yagwila matayala. Ndiye nchito yeniyeni ya body lift ndi kupeleka malo kuti tayala lalikulu lisakhule bodi pokhota kapena polowa m'dzenje. Ngati simudzagula matayala aakulu, mwagula maonekedwe cabe.

Tiyeni tiwelenge, cifukwa masamu sanama. Mavani ambili atsopano amabwela ndi tayala lolembedwa 265/65 R17. Kutalika kwake, kucokela pansi kufika pamwamba, ndi pafupifupi mamilimita 776. Mukaika 265/70 R17, limafika pa 803. Kusiyana ndi mamilimita 27, koma difu ili pakati pa tayala, ndiye imakwela theka lake cabe, mamilimita 13. Ndi kunenepa kwa cala. Mukapita pa 285/70 R17, limene pa mavani ambili silingalowe popanda kukweza kapena kudula cina, kutalika ndi pafupifupi 831, ndipo difu imakwela mamilimita 27, inchi imodzi ndi pang'ono. Ndiye mwakweza bodi mainchi atatu, mwagula matayala asanu okwela mtengo, kuti mupeze inchi imodzi pansi pa difu.

Sindikamba kuti inchi imodzi ilibe nchito. Pa mtumbila wina, inchi imeneyo ndiyo kusiyana kwa kugona kunyumba ndi kugona m'thengo. Koma dziwani mtengo wake. Tayala lalikulu ndi lolemela, limadyetsa mafuta, limafooketsa galimoto pokwela phili, limalemetsa mabuleki, klachi ndi mabeling'i. Limanamizanso sipidomita. Tayala la 831 ndi lalikulu ndi 7 pelesenti kuposa la 776, kutanthauza kuti singano ikaonetsa 100, inu muli pa 107. Apolisi a pa mseu akakuimikani ndi kamela yawo, musalumbile kuti munali pa malile. Munali pamwamba.

Cinthu caciwili cimene ogulitsa sakonda kukamba ndi ici: bodi ndi chassis sizinalumikizidwe ndi mabauti okha. Pali zinthu zambili zimene mutu wake uli ku bodi, mcila ku chassis. Mukazitalikitsa, zonsezo zimakokeka.

Siteling'i ili m'kabini, koma cimene cimakhotetsa matayala cili pa chassis. Pakati pali citsulo ca majointi. Bodi ikakwela, citsuloco cimafupika, ndipo mano amene cimagwilila amatsala ocepa. Mapaipi a mabuleki amacoka ku bodi kupita pansi. Akakokeka, tsiku lina adzang'ambika. Pa mavani ambili lediyeta imamangidwa ku bodi pamene fani ili pa injini, ndiye lediyeta ikakwela, fani imayamba kumenya cikuto cake, kapena makanika amangocotsa cikutoco n'kucitaya. Mu Okutobala, ndi kutentha kwa ku Mambwe ndi ku Mfuwe, injini yopanda cikuto ca fani imawila. Ndodo ya magiya imamila pansi n'kuyamba kugunda m'mphepete, mwina giya yaciwili kapena livesi n'kumakana. Ndodo ya four wheel cimodzimodzi, ndipo mudzazindikila tsiku limene muifuna. Onjezani waya wa handibuleki, paipi yothilila mafuta, mawaya a magetsi ndi mabampa amene amatsala pansi n'kusiya mpata wonyansa.

Katoni ya alamu inalibe cotalikitsila siteling'i. Inalibe zotsitsila lediyeta. Inalibe ngakhale pepala lokamba kuti inapangidwila galimoto iti, ya caka citi. Nditafunsa mnyamata wa pa galaji ija kuti siteling'i adzaicita bwanji, anayankha mosavutika: "Tizadula, tiikeko kacitsulo, tiocelele. Timacita daily, mudala." Apo ndi pamene ndinamva kuzizila kumsana. Siteling'i yodula n'kuocelela pansi pa mtengo wa mango, pa galimoto imene mlungu wamawa idzatsika mapili a Manenekela ndi ana a mlongo wanga mkati.

Musandimve molakwa. Amakanika athu ndi anthu aluso. Amaukitsa magalimoto amene ku Japan anawataya kale, ndipo popanda iwo theka la Chipata likanayenda pansi. Koma pali zinthu ziwili pa galimoto zimene sizifuna luso lopeka: siteling'i ndi mabuleki. Injini ikafa mumaima. Siteling'i ikaduka simusankha koima.

Cacitatu ndi kulemela kumene kwakwela m'mwamba. Aliyense amene ananyamulapo matumba a makala pa njinga adziwa kuti katundu akakwela, njinga imagwa msanga pokhota. Galimoto ndi cimodzimodzi. Kunena zoona, body lift siikweza kulemela konse, cifukwa injini ndi chassis zimatsala pansi, ndipo okonda cinthuci amanena zimenezi monyadila. Ali ndi mfundo. Koma amaiwala mmene timagwilitsila nchito mavani kuno kwathu. Kumbuyo kwa vani kumakwela mainchi onse atatu, pamodzi ndi ciliconse cimene cili m'menemo: matumba makumi awili a soya, dilamu ya madzi, kapena anthu.

Ndipo anthu timawanyamula. Pa malilo, vani ya m'bale ndiyo basi. Loweluka lomaliza la Febuluwale, onani magalimoto opita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Mu Ogasiti onani opita ku Kulamba ku Mkaika. Azimayi akhala m'mphepete, anyamata aimilila atagwila citsulo. Aliyense wa iwo wakwela masentimita 7 kuposa mmene opanga galimoto anawelengela. Mbuzi ikadumphila mu mseu dalaivala n'kukhotetsa mwadzidzidzi, masentimita amenewo amalankhula.

Ngakhale vani yosakweza ili kale pafupi ndi malile ake. Mu 2016 magazini ya zamagalimoto ya ku Sweden, Teknikens Värld, inayesa Hilux yatsopano pa mayeso awo ozemba cinyama mwadzidzidzi, pa liwilo la pafupifupi makilomita 60 pa ola, ndipo matayala a mbali imodzi ananyamuka m'mwamba. Inali galimoto ya ku fakitale, pa mseu wosalala, ndi dalaivala wodziwa nchito. Si kuti vani imeneyo ndi yoipa; mavani onse ndi aatali mwacibadwa. Ku Australia, kumene anthu amakonda kukweza magalimoto kuposa ife, boma linaika malile, ndipo ukapitilila uyenela kupeza injiniya kuti aone ndi kusaina. Iwo ali ndi miseu yabwino ndi ma ambulansi ofika msanga. Ife tikweza ndi diso cabe.

Pali enanso amene sitiwafunsa: anthu a kunja kwa galimoto. Chipata ndi tauni ya njinga. Kucokela masiku a fakitale ya njinga ya Luangwa Industries mpaka lelo, m'mawa uliwonse mseu wa ku Lundazi, wa ku Mfuwe ndi wa ku Mwami umadzaza anthu opalasa ndi makala, tomato, nkhuku ndi ana a sukulu. Manje kwaonjezeka njinga zamoto. Bonet ikakwela, malo amene dalaivala saona kutsogolo kwake amakula. Mwana wodutsa pafupi ndi bampa pa msika wa Kapata amabisika. Malaiti nawo amakwela ndi bodi, ndipo ngati sanawatsitse amalasa m'maso mwa wa Vitz ndi wa njinga amene abwela kutsogolo. Usiku pa Great East Road, munthu wothobwa m'maso masekondi awili ndi munthu amene ali m'manja mwa Mulungu.

Tsopano wina adzati, nanga iwe ufuna tonse tisiye? Ayi. Pali anthu amene body lift yaing'ono imawathandiza. Amene amagwila nchito m'cigwa ca Luangwa, kumene dothi lakuda limasanduka phala mvula ikagwa, ndipo afunadi tayala lalikulu pang'ono. Kwa iwo, kukweza bodi inchi imodzi kapena awili kuli ndi ubwino wake: n'kochipa kuposa kusintha masipuling'i onse, sikusintha mmene galimoto imadumphila, ndipo sikupinda ma CV joint akutsogolo ngati mmene kukweza masipuling'i kwambili kumacitila. Ngati muli m'gulu limenelo, sankhani ndi maso otsegula. Nazi zimene ndingakuuzeni ngati m'bale.

Yambani ndi tayala, osati ndi katoni. Dziwani saizi ya tayala limene mufuna, muone ngati likhula, ndipo likhula pati. Nthawi zambili kukwela saizi imodzi sikufuna kukweza ciliconse. Ngati pafunika, tengani kukweza kocepa kumene kukwanila. Inchi imodzi imasokoneza zinthu zocepa. Awili ndi malile kwa munthu wonyamula katundu. Atatu asiyileni a pa Facebook.

Gulani yopangidwila galimoto yanu, mtundu wake ndi zaka zake, osati ija amati ikwana pa iliyonse. Tsegulani katoni musanalipile. Muyenela kuona mabuloko okwana malo onse okhalapo bodi, mabauti ndi manati ake, cotalikitsila siteling'i copangidwa ku fakitale, zotsitsila lediyeta kapena cikuto ca fani, zokwezela mabampa, ndi pepala la malangizo. Cimodzi cikasowa, funsani kuti cidzacokela kuti. Yankho likakhala lakuti "tizaona", nyamukani.

Mabuloko akhale a pulasitiki yolimba yopangidwila nchito imeneyi, kapena aluminiyamu, ndipo akhale otambalala mofanana ndi pamene akhala. Buloko yoonda imaboola bodi pang'onopang'ono. Ndaonapo vani itakwezedwa ndi zidutswa za paipi ya madzi, ina ndi mawashala ounjika, ina ndi matabwa a mukwa. Mukwa ndi wabwino pa citseko. Pansi pa kabini umanyowa, umauma, umang'ambika, bauti n'kuyamba kusewela.

Yang'anani pa mutu wa bauti. Bauti yolimba imalembedwa nambala, 8.8 kapena 10.9. Yopanda nambala ndi ya pa geti, osati ya galimoto. Kumbukilani kuti bauti ikatalika, mphamvu yoipinda imakula; mukamanga mabuleki mwadzidzidzi kapena kugunda cinthu, bodi yonse imafuna kupitilila kutsogolo, ndipo mabauti amenewo ndiwo okha aigwila. Manati akhale odzitseka okha. Ndipo mukayenda makilomita mazana angapo pa mseu wa gelevulo, bwelelani ku galaji akamangenso, cifukwa kunjenjemela kwa miseu yathu kumamasula ciliconse.

Musanamange, onani pamene bodi imakhala. Magalimoto ambili amene timagula anayendapo kale ku UK kapena kumpoto kwa Japan, kumene amathila mcele m'miseu nthawi ya cisanu. Dzimbili limadya malo amenewa mwakacetecete. Kuika buloko pa citsulo codyeka ndi kumanga nyumba pa culu ca ciswe. Timalabala takale natonso, ngati taphwanyika, sinthani nthawi yomweyo.

Nchito ikatha, musathamangile ku tauni kukaonetsa. Galimoto ili ciimile, zungulizani siteling'i mbali zonse mpaka kumapeto, mumve ngati pali pogwila. Lowetsani magiya onse, ndi four wheel yomwe. Dyakani mabuleki mwamphamvu, wina ayang'ane mapaipi pansi. Usiku imikani kutsogolo kwa cipupa mutsitse malaiti.

Ndipo pitani mukafunse ku RTSA musanasinthe, cifukwa galimoto imeneyo idzafunika kupita ku fitinesi. Auzeninso a inshuwalansi, molemba. Ambili timaopa kuti adzakweza mtengo. Koma ganizani tsiku la ngozi, munthu wawo atabwela kudzaona galimoto n'kupeza mabuloko amene sanauzidwe. Mudzakhala mwawapatsa nokha cifukwa cokanila. Safunsa anadya phula.

Koma kwa ambili a ife, ndalama imeneyo ili ndi malo abwino kopita. Matayala abwino a all terrain a saizi yomwe muli nayo amacita zambili m'matope kuposa tayala lalikulu lotha mano. Mashoki atsopano, cifukwa ambili tiyenda ndi mashoki amene anafa kalekale. Masipuling'i akumbuyo amene anagona ndi katundu: vani yolemedwa imatsika kumbuyo masentimita angapo, ndipo kubwezeletsa masipuling'i kumakweza chassis yeniyeniyo, osati kabini cabe. Citsulo cochinga pansi pa injini. Fosholo, cingwe colimba cokokela, jeke yabwino ndi thabwa loikapo, ndi kapampu ka mphepo, cifukwa kucepetsa mphepo m'matayala pa mcenga kapena matope kumathandiza kwambili, bola mupope mukabwelela pa tala. Ndipo coposa zonse, kutsika m'galimoto n'kuyenda pa dambo ndi ndodo musanalowe. N'caulele, koma ndi ocepa amene amacita, cifukwa cimadetsa nsapato.

Tisanamizane, mbali ina ya nkhaniyi ndi ulemu. Vani yaitali imakamba kuti mwini wake zinthu zili bwino. Ukafika nayo pa ukwati anthu amapatuka. Sindidana nazo; munthu wagwila nchito, adyeko thukuta lake. Koma ndaona mavani okwezedwa amene sanacokepo pa tala, ulendo wawo ndi wa ku Kalongwezi kupita ku Shoprite n'kubwelela, pamene agogo awo afunika kunyamulidwa kuti akwele. Ndipo afunseni anyamata amene amakweza matumba a makilogalamu 50 tsiku lonse ngati masentimita 7 oonjezela ndi ocepa.

Pali cinanso cimene cimandiwawa kuposa zonsezi. Tikweza magalimoto cifukwa tinataya mtima pa miseu. Chipata inakhala mzinda mu 2017, koma lowani mu Mchini kapena Nabvutika mvula itagwa muone ngalande zimene madzi ocoka m'mapili amakumba pakati pa mseu. Pitani ku miseu ya kumidzi kumene kucokela cimanga, fodya ndi thonje zimene zidyetsa tauni ino. Amene ali ndi ndalama amagula mainchi atatu n'kudutsa pamwamba pa vuto. Nanga mayi woyembekezela amene ali pa ngolo? Nanga mphunzitsi wa njinga? Iwo alibe cokweza.

Kucokela mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo zakhala zikuonjezeka zaka zotsatila. Timalipilanso pa ma toll gate ndi msonkho wa mseu. Dambo limene alamu anagonapo lifuna kalavati imodzi ndi magalimoto ocepa a gelevulo. Amalonda khumi amene amadutsa pamenepo, aliyense akanatenga theka la mphamvu imene amathela pofunafuna zokwezela magalimoto n'kupita nayo ku msonkhano wa Ward Development Committee, kwa khansala ndi kwa amfumu, mwina bwenzi kalavatiyo ilipo. Mutu umodzi susenza denga. Vani yokwezedwa imaolotsa munthu mmodzi; kalavati imaolotsa mudzi wonse, ndi ambulansi yomwe.

Alamu sanakondwele nane tsiku limenelo. Anati ine ndimakamba monga munthu amene sanagonepo pa dambo, ndipo ndi zoona, sindinagonepo. Tinakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Cimene cinawatembenuza si masamu anga. Ndi makanika wacikulile wa galaji yoyandikana nayo, amene anabwela kudzabweleka sipanala n'kuima kumvetsela. Anatola bauti imodzi m'katoni, anaitembenuza, anayang'ana pamutu pake, n'kuibweza. Anangoti, "Bwana, iyi ilibe nambala. Ine pa motoka yonyamula bana siningamange." Anatenga sipanala yake n'kupita.

Katoni ija ikali m'nyumba mwa alamu, pansi pa bedi, cifukwa wogulitsa anakana kubweza ndalama. Vani inalandila masipuling'i atsopano kumbuyo, mashoki anayi ndi matayala okwela saizi imodzi, amene analowa popanda kukhula. Kumbuyo kwa mpando kuli fosholo ndi cingwe. Kaya adzatitimilanso, mvula ndiyo idzayankha. Walila mvula walila matope. Koma mlongo wanga akakwela ndi ana kupita ku Lusaka, ndimagona tulo, cifukwa ndidziwa kuti siteling'i imene ili m'manja mwa amuna ake ndi yomwe inacoka ku fakitale, yosadula.

Inu amene katoni yanu ili m'njila, kapena mwaima kale pa galaji, ndikupemphani cinthu cimodzi. Musanalole jeke kulowa, gwadani kumbuyo kwa vani yanu muyang'ane difu. Mukadzuka, dzifunseni ngati cimene mwagula cidzaisuntha.